Mabotolo Onunkhira Sopo

Pa fakitale ina yofinya zipatso panali mayi amene aliyense ankamutchula kuti a Mabotolo. Dzina lawo lenileni linali pa khadi la pachifuwa, koma khadilo linafufutika kalekale ndipo palibe anadandaula. Ntchito yawo inali yoyeza madzi otayidwa, ndipo anali ataigwira zaka khumi ndi zinayi.

Fakitale ya zipatso imamwa madzi kuposa khola la ng'ombe. Kutsuka tomato, kutsuka malalanje, kutsuka makina, kukolopa pansi. Madzi onsewo akatha ntchito ankatsikira kuseri, n'kudutsa m'maiwe atatu okumbidwa kuti zonyansa zidikhe, kenako n'kutulukira pa paipi imodzi yaikulu kunsi kwa mpanda, n'kugwera mumtsinje. Kumunsi kwa mtsinjewo anthu ankachapa, kuthirira madimba ndi kumwetsa ziweto. Choncho boma linapereka chilolezo chotayira madziwo, koma chilolezo chokhala ndi mano.

Chilolezocho chinali pakhoma m'kachipinda ka a Mabotolo, mu felemu yagalasi, ngakhale iwo sankafunika kuchiwerenga. Ankachidziwa ngati mayina a ana awo. Tsiku lililonse la ntchito, isanakwane 8 koloko, kuyeza kutentha kwa madzi, kuwawasa kwake ndi kuchuluka kwake, n'kulemba m'buku ndi inki. Ukalakwitsa sufufuta, umadula mzere umodzi n'kusaina pambali. Lachiwiri lililonse kudzaza mabotolo atatu, kuwaika m'bokosi la ayezi, n'kuwapereka kwa dalaivala wa ku labu, kumene amapimira madziwo, dzuwa lisanafike pamutu. Zotsatira zikapyola malire, kulembera ofesi yoona za madzi pasanathe masiku asanu ndi awiri, kunena chachititsa ndi chimene mwachitapo. Zikapyola katatu motsatizana, paipi imatsekedwa. Paipi ikatsekedwa fakitale yonse yaima, ndipo anthu mazana awiri akhala kunyumba.

A Mabotolo ankaikonda ntchitoyi. Inalibe misonkhano yambiri, inalibenso munthu woima kumbuyo kwako n'kumakupumira m'khosi. M'mawa uliwonse ankavala magambuti, n'kutenga kamakina koyezera ndi buku, n'kutsika kanjira ka pakati pa maiwe. Fungo la makoko owola limene linkachititsa alendo kugwira mphuno iwo sankalimva. Mphuno zawo zinafa m'chaka chachitatu, ndipo ankati imeneyo ndiyo mphatso yokhayo imene fakitale inawapatsa osaipempha.

Kumaiweko ankapeza mkulu woyang'anira maiwewo, bambo wowonda wa miyendo yaitali amene anthu ankamuti a Chule. Anali atakhala m'mbali mwa madzi amenewo zaka makumi awiri ndi ziwiri.

"Mwadzuka bwanji, a Chule? Ana anu agona bwanji?"

"Wamkuluyu anadya kwambiri dzulo, akungogeya. Wapakatiyu ali bwino. Chitsirizirayo ndi mwana womvera, simumva dandaulo."

"Tikamumvere kupaipi ngati ndi womveradi."

Anawo anali maiwe atatu aja. Moni wawo unali womwewo chaka ndi chaka, ndipo palibe amene anatopa nawo.

Paipi ija inali m'munsi mwa khoma la simenti. Kuti utunge madzi unkaima pamwamba n'kutsitsa chikho chachitsulo chomangiriridwa ku ndodo yotalika anthu awiri. Chikho chodzaza kumapeto kwa ndodo yotero chimalemera ngati mwana. Tsiku wamba unkatunga kamodzi basi. Koma Lachiwiri lamulo linkati botolo lililonse ulitsukuluze katatu ndi madzi omwewo usanalidzaze. Mabotolo atatu, katatukatatu, kuphatikiza kudzaza kwake. Ndipo chaka chimenecho phewa lakumanja la a Mabotolo linali litayamba kulankhula.

Lachiwiri lina, nyengo ya tomato itangoyamba, anatsegula kabati yosungiramo mabotolo n'kuwapeza akuwala. Nthawi zonse mabotolowo ankabwera kuchokera ku labu ali achikasu m'kati, otsukidwa mwa njira ya akatswiri koma osakongola. Awa anali mbee. A Mabotolo anaganiza kuti a labu agula atsopano. Atafika kupaipi phewa linawabaya, ndipo anadzifunsa kuti botolo latsopano lili ndi chiyani choti munthu atsukuluze. Anangodzaza, n'kutseka, n'kuika pa ayezi. Phewa linathokoza. Lachiwiri lotsatira anawapezanso akuwala, n'kuchita chimodzimodzi.

Masabata amenewo makina a ku labu anali akukonzedwa, moti zotsatira za masabata awiri zinabwera mu envulopu imodzi Lachisanu masana. Pasanathe mphindi khumi a Mabotolo ndi a Chule anali mu ofesi ya a Manijala, magambuti atasiyidwa pakhomo.

A Manijala anali munthu wa zaka zapakati, wosaipa mtima koma wothamanga nthawi zonse, foni ili kudzanja lina, makiyi ali kwina.

"Khalani, khalani," anatero iwo ali chiimire. "Fosifeti. Mukumudziwa nonse, sindikuphunzitsani."

Ankamudziwadi. Ndi mchere wosaoneka ndi maso, umene ukachuluka mumtsinje umabereketsa ndere mpaka nsomba kubanika.

"Malire athu ndi 5. Sabata yoyamba 19. Yachiwiri 22. Lachiwiri likudzali zikabweranso chonchi atitsekera paipi, malole a tomato ali pamzere mpaka kumsewu. Achikulire, m'maiwe mwanumo mukuchitika chiyani?"

A Chule anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Palibe chachilendo, bwana. Madzi akutuluka oyera. M'dziwe lachitatu muli ndi tinsomba."

"Tinsomba sitisaina lipoti. Matope munachotsa liti?"

"Miyezi itatu yapitayo, monga mwa nthawi zonse."

"Munachotsa onse?"

"Onse."

"Nanga 22 ameneyu wagwa kumwamba?"

A Chule anangotembenuza chipewa chija. A Manijala anayang'ana a Mabotolo, n'kufunsa ngati kuyeza kunayenda bwino. A Mabotolo anakumbukira za kutsukuluza kumene anadumpha kuja. Koma anadziyankha okha kuti botolo loyera lochokera ku labu silingawonjezere kanthu m'madzi. Ndiye anati kunayenda bwino.

"Basi nkhani ili kumaiwe," a Manijala anatero. "Achikulire, mwatigwirira ntchito zaka zambiri, koma maso ndi miyendo zimatopa. Mwezi uno ukatha mukapume, tipeza wina. Mayi, kalata yopita ku ofesi ya za madzi ndilemba ndine, inu mudzasaine Lolemba, chifukwa amafuna dzina la woyeza."

Potuluka a Chule anavala magambuti awo mosinthanitsa, osazindikira. A Mabotolo anawauza, iwo n'kukhala pa sitepe n'kuwakonza. Loweruka, tsiku losagwira ntchito, alonda anawaona atalowa m'dziwe lachitatu mpaka m'chiuno, akubaya pansi ndi ndodo kufuna matope amene kunalibe.

Tsopano panali munthu winanso amene masabata amenewo ankayenda atatupa masaya, naye ndi mlamu wawo wa a Mabotolo, mlongo wa amuna awo. Mayiyu anaferedwa mwamuna chaka chapitacho, ndipo a Mabotolo ndiwo anamulankhulira kuti alembedwe ntchito yosesa ndi kukolopa m'maofesi a fakitale. Anali munthu waukhondo woopsa. Kwawo ankakolopa ndi pansi pa bedi pomwe tsiku ndi tsiku, ndipo mlendo akanyamuka ankapukuta mpando mlendoyo asanafike pageti. Kwa masabata awiri moni wawo unali wa liwu limodzi. A Mabotolo anaona, koma analibe nthawi yonyengerera munthu wamkulu. Wokwiya osanena chamukwiyitsa amakhala akusangalala nawo mkwiyowo.

Lamulungu masana Alamuwo anabwera kudzacheza. Anakhala pakhonde atatu, tiyi ali patebulo, bambo a m'nyumba akukonza wailesi imene inali isanalankhule chaka chonse.

"Achimwene," Alamu anatero akuyang'ana m'kapu, "ndifunseko. Kwawo kwa akazi anuwa, mawu oti zikomo amachita kuitanitsa kunja?"

"Afunseni eni ake, ali pomwepa," bambo anayankha osadzutsa mutu.

"Ndalakwanso chiyani, alamu?" a Mabotolo anafunsa.

"Simunalakwe. Ine ndi amene ndinalakwa kudzivutitsa. Munthu kukugwirira ntchito yosatumidwa, ntchito yoti ena sangaikhudze ndi ndodo yomwe, iwe osati ngakhale kukhosomola."

"Ntchito yanji?"

"Mabotolo anu aja. Ndinawapeza ali achikasu ngati mano a wosuta fodya. Ndinati ayi, alamu anga asachite manyazi pamaso pa anthu ophunzira a ku labu. Ndinawaviika mu sopo waufa, wamphamvu uja wotsukira pansi, tsiku lathunthu. Ndinakwecha ndi kaburashi mpaka zala kusupuka. Kawiri konse. Lachisanu ndawatsukanso kachitatu, ali m'kabatimo akukudikirani."

A Mabotolo anaika kapu patebulo pang'onopang'ono.

"Munawatsukuluza?"

"Kamodzi, mopepuka. Chinthu chikapanda kununkhira sopo, anthu adziwa bwanji kuti chatsukidwa?"

Kunja kwa mpanda munthu wogulitsa masache anadutsa akuitanira malonda. A Mabotolo anafotokoza, mwachidule ndi mosakweza mawu, kuti sopo waufa ndi nyumba ya fosifeti, kuti mabotolo amenewo sakhudzidwa ndi sopo mpaka kalekale, kuti paipi yatsala sabata imodzi kutsekedwa, ndi kuti a Chule auzidwa kuti akapume. Alamu anayamba kutsutsa, kenako anasiya.

"Ndiye andichotsa. Ndagwira miyezi inayi yokha. Ana aja ndiwauza chiyani?"

"Musayambe kulira, misozi siitsukuluza botolo," a Mabotolo anatero.

Bambo anaika pansi sikuludiraiva. "Tamverani, mayi a ana. Apa palibe chovuta. Mawa mupite, mutsuke mabotolowo ndi madzi ambiri, Lachiwiri mutunge bwinobwino. Zotsatira zibwera zoyera, paipi siitsekedwa, aliyense asangalala. Ndani adziwe? Tili atatu pano, wailesiyi siilankhula."

"Nanga a Chule?"

"Mkulu uja wakula kale. Akanapumabe chaka chino kapena chamawa. Madzi akatayika saoleka."

"Awa sanatayike. Ali pa pepala, ndipo mawa ndikuyenera kusaina pansi pake kuti wolakwa ndi iwo."

"Ndiye mupereke mlongo wanga?"

A Mabotolo anaimirira. Anatolera makapu n'kulowa nawo kukhitchini. Ali chiimire pa sinki anaiyang'ana nkhaniyo mbali zonse ngati nsalu yogula pamsika, ndipo paliponse ankapeza kabowo komweko. Chilolezo chinkati mabotolo azisungidwa mokhoma, kiyi ali ndi woyeza. Loko wa kabatiyo anathyoka chaka chatha, iwo n'kumangoti adzanena mawa. Chilolezo chinkati kutsukuluza katatu. Akanatsukuluza, sopoyo akanapita ndi mtsinje, labu osamuona. Alamu anachita zopusa, inde, koma anachita zimene ankadziwa. Amene ankadziwa lamulo n'kulidumpha anali mmodzi yekha, ndipo anali ataima pa sinki.

Chimene chinkawapweteka sichinali ukali wa a Manijala. Ofesi yoona za madzi inali ndi mndandanda wa anthu ovomerezeka kutunga madzi oyezedwa, ndipo inkatha kumuchotsapo munthu. Dzina lawo linakhala pa mndandandawo zaka khumi ndi zinayi popanda kadontho. Oyendera atsopano ankabwera nawo kudzaonetsedwa buku lawo monga chitsanzo. Kunatsala zaka ziwiri kuti apume, ndipo ankafuna kutuluka pageti dzinalo lili momwemo. Anatsuka makapu, n'kuwatsukuluza, n'kuwavundikira. Kuganiza kopitirira apo kukanangokhala kudzinyengerera.

Lolemba anafika msanga. Anayeza madzi a tsikulo n'kulemba. Kenako anabwerera m'mbuyo m'buku, pa Malachiwiri awiri aja, n'kulemba m'mphepete mwa lililonse kuti, "Mabotolo sindinatsukuluze," n'kusaina, n'kuika deti la tsiku limenelo. Atatero anang'amba pepala n'kulemba kalata ya mizere isanu ndi itatu. Mabotolo atatu aja anawaika m'jumbo osawakhudza m'kati, n'kupita nawo ku ofesi.

A Manijala anali atakonza kale kalata yawo, yotayipa bwino, cholembera chili pambali.

"Sainani apa, mayi, dalaivala akudikira."

"Imeneyo sindisaina, bwana. Yambani mwanunkhiza ili."

A Manijala anatsegula botolo, n'kuliika pamphuno, n'kuyetsemula.

"Ichi n'chiyani? Maluwa?"

"Sopo waufa. Fosifeti wanu ndi ameneyo. Maiwe alibe mlandu. Werengani iyi."

Anawerenga ali chiimire, kenako anakhala pansi, chinthu chimene a Mabotolo anali asanawaonepo akuchita m'mawa. Nkhope yawo inayamba yamasuka, chifukwa botolo loipa ndi lotchipa kukonza kuposa maiwe atatu. Kenako inakwinyika.

"Watsuka ndani?"

"Wokolopa."

"Mlamu wanu uja. Muitaneni, atenge zake."

"Munamulemba ntchito yotsuka, bwana, ndipo watsuka. Palibe anamuuza kuti m'kabatimo asakhudze. Woyenera kumuuza ndinali ine. Woyenera kukhoma kabati ndinali ine. Woyenera kutsukuluza ndinali ine. Mukamuchotsa iyeyo, a ku ofesi afunsabe kuti woyeza anali kuti."

"Mukudziwa kuti akhoza kukuchotsani pa mndandanda?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwalemba chonchi osaika ndi kamafuta komwe? Tikanati mabotolo anadetsedwa mwangozi, basi."

"Akanafunsa kuti ngozi yanji. Tikanayankha, akanafunsanso china. Ine ndilibe mphamvu zoyankha mafunso khumi pamene limodzi likukwana."

A Manijala anapukusa mutu, n'kutenga foni. Analankhula ndi a ku ofesi kwa mphindi zingapo, akuti inde mayi, ayi mayi, ndamva mayi. Ataika foni anati woyendera abwera mawa m'mawa kudzatunga yekha. Za a Chule anati adikira zotsatira, chifukwa mphuno si labu. A Mabotolo anavomera kuti pamenepo anena zoona.

Atatuluka anapita molunjika kumaiwe. A Chule anali akuwola makoko pa sefa ya dziwe loyamba. A Mabotolo anawauza zonse ali chiimire, osazungulira. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, foloko ili m'manja.

"Ndiye Lachisanu lija, bwana atakufunsani, munkadziwa kuti simunatsukuluze."

"Ndinkadziwa. Ndinaganiza kuti zilibe kanthu."

"Ine n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno Loweruka."

"Ndamva. Pepani, a Chule."

A Chule anabaya foloko m'makoko n'kupitiriza ntchito. Sananene kuti zatha, sananenenso kuti sizinathe. A Mabotolo anawasiya. Munthu ali ndi ufulu wokwiya masiku angapo.

Lachiwiri woyendera anafika 7 koloko itangopitirira. Anali mayi wachitsikana, wamfupi, wa magalasi, atanyamula bokosi lake la ayezi ndi mabotolo ake omata. Sanafune tiyi. Anapempha buku, n'kulitsegula pa Malachiwiri aja, n'kuwerenga za m'mphepete.

"Izi mwalemba dzulo?"

"Dzulo. Deti lili pomwepo."

"Ambiri amati inagwa mvula yambiri. Ena amati ndi feteleza wa anthu a madimba, ngakhale madimbawo ali kumunsi." Anatseka buku. "Tiyeni kupaipi, mayi."

Kupaipiko anakonza zinthu mwadongosolo. Mabotolo ake adzazidwe poyamba. Kenako limodzi mwa a sopo aja lidzazidwe losatsukuluza, monga zinachitikira. Lina litsukuluzidwe katatu kenako lidzazidwe. Onse apite ku labu pa ayezi mmodzi. A Mabotolo anatsitsa ndodo, n'kukweza, n'kutsitsa, n'kukweza. Botolo la sopo lija atalikhutchumula koyamba linatulutsa thovu loyera loti mwana akanaseweretsa. Pofika kutunga kwachisanu ndi chitatu thukuta linali likutsika m'khosi. Woyenderayo anaona mmene ankagwirira phewa.

"Phewalo layamba liti?"

"Chaka chino."

"Munanena?"

"Ukanena phewa amayamba kukuwerengera zaka."

"Chilolezo chimati woyeza akhalepo, aone, asindikize botolo n'kusaina. Sichinena kuti anyamule ndodo ndi ndani." Anatembenukira kwa a Chule, amene anaima chapatali manja ali kumbuyo. "Bambo, mungathandizeko?"

A Chule anabwera, n'kulandira ndodo osayang'ana munthu, n'kutunga kotsalako ngati akutunga ndi supuni. Zaka khumi ndi zinayi a Mabotolo anali akuchidziwa chilolezocho pamtima, ndipo zimenezo anali asanaziganizepo. Zinawapsetsa mtima pang'ono, koma anazisunga.

Woyendera anamata mabotolo, iye, a Mabotolo ndi a Chule n'kusaina pa timapepala. Sanalonjeze kanthu. Anangoti Lachisanu.

Masiku atatu amenewo fakitale inagwira ntchito mwa masiku onse. Malole ankalowa, tomato ankaphwanyika, madzi ankatsika. Kalipentala anabwera n'kuika loko watsopano pa kabati. Alamu ankakolopa khonde la maofesi mwakachetechete, ndipo akafika pa chitseko cha a Mabotolo ankachilambalala ngati muli njoka. Kunyumba bambo anali akunenabe kuti anthu ena amakonda kudzipalira makala pamutu, koma Lachinayi anagula mafuta opaka paphewa n'kuwasiya patebulo osanena kuti ndi a ndani.

Lachisanu envulopu inabwera ndi kalata ya ku ofesi pamodzi. A Manijala anawerenga mokweza. Mabotolo a woyendera, 3. Botolo lotsukuluzidwa katatu, 4. Botolo losatsukuluza, 21. Zotsatira ziwiri zoyamba zija zafafanizidwa chifukwa madzi anatungidwa molakwika. Paipi siitsekedwa. Woyeza akulandira chenjezo lolembedwa, apite kukaphunziranso masiku awiri, ndipo kwa miyezi itatu pakhale mboni yosaina naye Lachiwiri lililonse. Dzina lake likhalabe pa mndandanda.

"Chenjezo limeneli likhala mu faelo yanu, mayi."

"Likhale. Faelo ndi ya zimenezo."

Chinawaluma, asaname. Kukakhala pa benchi ndi ana a dzana n'kumaphunzitsidwa kutsukuluza botolo si chinthu chokoma kwa munthu wa imvi. Koma chinaluma pang'ono kuposa mmene ankaopera, ndipo anapeza kuti akupuma bwino.

A Manijala anatulutsa kalata yopumitsa a Chule mu dirowa n'kuing'amba pakati iwo akuona. Anati pepani achikulire, ndinafulumira, foni n'kulira, nkhani n'kuthera pomwepo. Za wokolopa anati apitirize, koma akadzakhudzanso chinthu cha mu kabati adzatuluka ndi chokolopera chake chomwe. Alamu atamva analira pang'ono, kenako anasuzumira mabotolo amene labu inabweza, achikasu ngati kale, n'kunena kuti anthu ophunzira ndi auve ndithu, koma si nkhani yawonso.

Panja a Chule anali akudikira pa sitepe.

"Mayi, bwana wang'amba pepala lake. Koma pali pena pamene sipanang'ambidwe."

"Pati?"

"Kunyumba. Ine mowa ndinasiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Nditapita ndi nkhani yoti andipumitsa chifukwa cha maiwe, mayi akunyumba sanafunse zambiri. Anangoti mwayambiranso. Sabata yathunthu ndikugona pa mpando wa pabalaza, miyendo ili panja. Ine ndikanena sakumva. Mukanene ndinu."

"Mawa m'mawa. Mukhale mutavala malaya."

Loweruka a Mabotolo anakwera basi, n'kutsika pa mzere wa nyumba za njerwa zofanana, n'kuwerenga zitseko mpaka chachisanu ndi chimodzi. Akazi awo a a Chule anali akuyanika zovala, mayi wojintcha wa manja aakulu, zopanira zili pakamwa. A Chule anaima pakhomo atavala malaya oyera omanga mpaka m'khosi. Atapatsana moni, a Mabotolo anakana mpando n'kunena zimene anabwerera: za sopo, za phewa, za 21 ndi 3, ndi za kalata yong'ambidwa.

Mayiyo anachotsa zopanira pakamwa.

"Mukuti sanamwe?"

"Sanamwe, sanagone pantchito, sanalakwe kalikonse. Maiwe awo ndi oyera kuposa mmene boma likufunira. Wolakwa ndinali ine."

"Inuyo? Amati inu simulakwa."

"Ankanama."

Mayiyo anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kwa nthawi yaitali.

"Nanga inu osanena bwanji?"

"Ndinanena kasanu."

"Munkanena ngati munthu womwa, maso ali pansi." Anapukuta manja pa epuloni. "Lowani, mayi, simungabwerere pakhomo, madzi a tiyi ali pamoto kale. Inu bambo, chotsani bulangete lanu pa mpandopo alendo akhale."

A Chule analowa, n'kulipinda bulangetelo, n'kuima nalo pakati pa balaza.

"Ndiliike kuti?"

"Mukufunsa ngati mlendo bwanji? Kuchipinda."